Mlendo wa Mayi Pringle

A Grizel Pringle ankakhala kuseri kwa nyumba yathu, m'kachipinda kamodzi koyang'ana kudoko. Amuna awo anali okhoma migolo ya nsomba, mbadwa ya muno mu Dunskerrie, ndipo atamwalira khonsolo inawalemba mayiwo m'gulu la amasiye olandira penshoni ya tawuni. Sizinali ndalama zoti munthu n'kunenepa nazo. Akagula ufa wa otsi, mbewu imene timaphikira phala kuno, ndi timalasha, n'kulipira lendi, basi zatha. Lolemba loyamba la mwezi ankavala kachizindikiro kamtovu ka amphawi pachifuwa, monga lamulo linkanenera, n'kutsimphina ndi ndodo yawo kupita kunyumba ya khonsolo. Pobwerako ankatukwana njira yonse: masitepe, mlembi, ngakhale mwendo wawo womwe.

Ine ndine Marjory, mkazi wa a Ninian Tulloch osoka nsapato. Chaka chimene ndikunenachi amuna anga ndiwo ankatsogolera bungwe la osoka nsapato, choncho anali ndi mpando m'khonsolo, wakumapeto kwenikweni, pafupi ndi chitseko pamene pamalowera mphepo. Zam'khonsolo zinkandipeza ndikupakula chakudya, chifukwa a Ninian anali munthu wosatha kulankhula pagulu, komanso wosatha kusunga nkhani akafika pakhomo. Nthawi imeneyo ndinali ndi khanda kubere, mwana wathu wachitatu.

Chinali chaka chija chipale chinagwa mbewu zisanakhwime, nkhondo ya ku Amereka isanathe. Anthu a kumapiri a kumpoto anatsika ndi zikwakwa zawo monga mwa masiku onse kudzagwira ganyu yokolola, koma anapeza zokolola zake n'zosaoneka. Nthawi yomweyo boma linalamula kuti matawuni a m'mbali mwa nyanja apereke amuna okagwira ntchito pa zombo zankhondo. Khonsolo sinafune kupereka ana a eni mudzi. Inawalozera asilikali kunkhokwe ya kunja kwa tawuni kumene okololawo ankagona, ndipo m'mamawa wina anagwirako amuna angapo n'kuwakweza m'chombo. Mmodzi wa iwo anali Lachlan, amene anabwera ndi mkazi wake, Seonag.

Anzake atabwerera kwawo, Seonag anatsala. Tsiku ndi tsiku ankakhala pamiyala ya kudoko atafunda chibulangete chake chamizeremizere, maso ali kumene chombo chinalowera. Chinenero chathu sankachidziwa ngakhale liwu limodzi, ndipo aliyense wamaso ankaona kuti ndi woyembekezera. Kumene ankagona palibe ankadziwa, ndipo palibe ankafuna kudziwa.

Tsiku lina ndinamva a Grizel akukalipa pakhomo pawo. Nditasuzumira ndinawapeza akumukankha mtsikanayo ndi ndodo.

"Lowa iwe, ukuyang'ana chiyani? Kwanuko kulibe zitseko?"

"Mayi Pringle," ndinatero chapansipansi, "lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Linalembedwa amuna akowo akuyenda opanda kabudula. Kandibwerekeko supuni, yanga ndi imodzi."

Anakhala choncho awiriwo, bedi limodzi, phala la munthu mmodzi atalionjezera madzi. A Grizel ankamulankhulira mokuwa ngati kuti vuto ndi makutu, iye n'kumayankha m'chinenero chake, mofatsa, ndipo mwanjira ina ankamvana. Seonag anali katswiri woluka masokosi, a Grizel n'kumakagulitsa kwa asodzi. Madzulo ankawasisita mwendo wodwala uja ndi mafuta. Ndinawamvapo a Grizel akuseka kudzera pakhoma, chinthu chimene sindinamvepo chimwalirireni amuna awo.

Koma m'tawuni ngati yathu utsi ukachuluka pachumuni cha wamasiye anthu amafunsa. Chakumayambiriro kwa Disembala a Ninian anabwera kuchokera ku khonsolo n'kukhala pansi osavula chipewa.

"Kunali zotani lero?" ndinafunsa.

"Zomwe zija. Khoma la kudoko lagumukanso. Nkhumba zalowa m'manda. Belu lang'aluka, ena akuti tigule lina, ena akuti tizingoliza lomwelo." Anatakasa msuzi wawo osamwa. "Ndiye a Carstairs atchula dzina la a Grizel."

A Hew Carstairs anali woweruza wa tawuni, wamalonda a mbewu ndi matabwa, ndipo thumba la amphawi linali m'manja mwawo.

"Akuti chiyani?"

"Akuti wolandira penshoni saloledwa kusunga mlendo wopanda kalata ya kumpingo kwawo. Ndiponso mwana akabadwira m'malire a tawuni, ndi mtolo wa tawuni mpaka atakula. Akufuna mtsikanayo achoke nthawi yake isanakwane."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinatsokomola."

"Munatsokomola."

"Ndimafuna kulankhula, mayi, koma apampando anali atabwerera kale pankhani ya belu."

Sabata yotsatira a Grizel anaitanidwa. Ndinawaperekeza chifukwa msewu unali woterera ndipo masitepe aja sakanawakwera okha. M'chipindamo munkanunkha majasi onyowa ndi fodya wamphuno. Makhansala anali atakhala pa tebulo lalitali, moto uli kumbali ya akuluakulu. Palibe anawapatsa mpando mayiwo kufikira a Ninian ataimirira n'kuwapatsa wawo.

A Carstairs sanali munthu wokuwa. Analankhula motopa, akupotokola cholembera m'zala.

"Mayi Pringle, sitinakuitaneni kuti tikunyozeni. Amuna anu ndinkawadziwa, migolo yawo sinkadontha. Koma thumba lauma. Ufa mwauona mtengo wake. M'mawa uliwonse pakhomo panga pamakhala amasiye obadwira muno amene ndikulephera kuwalemba. Mkazi wa malemu Sandy Birrell ali ndi ana asanu, akudya zam'nyanja zotola pamiyala. Ndikamuuza chiyani akamva kuti tayamba kulera ana a alendo? Ndipo kumapiriko akamva kuti Dunskerrie ikudyetsa, atsika onse, tidzafa nawo limodzi."

"Zonsezo n'zoona, bwana," anatero a Grizel. "Mkazi wa Birrell ndikumudziwa kuposa inu. Koma mtsikanayu sanabwere kudzapempha. Anabwera ndi mwamuna womudyetsa, wa manja awiri ndi chikwakwa chake. Ali kuti? Anawalozera ndani asilikali kunkhokwe kuja?"



"Sindikukuweruzani," anapitiriza. "Nanenso ndikanakhala ndi mwana wamwamuna ndikanamubisa, n'kuloza wa mwini. Koma mukadya nkhuku ya eni, anapiye musamawaponye pamvula."

Apampando anati nkhani ya zombo ndi ya boma, si ya tsikulo. Anafunsa ngati mayiwo avomera kumutulutsa mlendoyo okha.

"Ayi."

"Mukudziwa chimene chitsatire?"

"Ndakalamba, bwana, koma sindinagonthe."

Anagamula pomwepo, ife tili chilili. Penshoni iimitsidwe. Mtsikanayo anyamulidwe pangolo Lachisanu mpaka pamlatho wa ku Auldcraig, pamene pathera malire athu, ndipo a kumeneko akamupatsire kwa anzawo, kupatsirana choncho mpaka akafike kwawo. Otsutsa anali awiri okha, mtsogoleri wa ophika buledi ndi a Ninian. A Grizel anamasula kachizindikiro kaja pachifuwa n'kukaika patebulo.

"Kasungeni bwino," anatero. "Chaka chake n'chino, mwina wina wa inu akafuna."

Lachisanu kunacha kwa mitambo yakuda. Ngolo inali ya a Dand Laing, amene ankatutira khonsolo zinyalala ndi miyala. Anali ataitsuka n'kuyalamo udzu wouma, ndipo sankayang'ana munthu kumaso. Anabwera ndi msilikali wa khonsolo atanyamula chikalata m'chipewa. Khanda langa ndinalisiya kwa mchemwali wanga kuti ndimuperekeze Seonag.

Chovuta chinali chakuti panalibe womufotokozera Seonag. A Grizel anamumangira katundu wake m'kansalu, masokosi ndi mikate ya otsi, n'kumulozera ngolo. Iye anayang'ana kansaluko, n'kuyang'ana ife, nkhope yake n'kuwala.

"Lachlan?" anafunsa.

 A Grizel anapereka ndodo yawo kwa ine n'kuyamba kukwera pangolo.

"Inu simuli m'chikalata, mayi," anatero msilikali.

"Ndiye sukundiona. Kankha kumbuyoku, usangoima ngati mtengo."

Ngolo itafika pamphambano n'kukhotera kumtunda, kusiya njira ya kudoko, Seonag anazindikira. Sanakuwe. Anayesa kutsika ngolo ikuyenda, ndipo tinamugwira awiri. Kenako anangokhala, akuyang'ana nyanja mpaka inabisika kuseri kwa phiri. Mvula yosakanikirana ndi chipale inayamba kugwa. Tinamufunditsa zonse zimene tinali nazo, koma msewu wa miyala uja unkamugwedeza moti nthawi ndi nthawi ankaluma mlomo n'kugwira m'chiuno.

Pamlatho tinapeza anthu a ku Auldcraig akutidikira. Wina anali atawatsina khutu. Anali alimi ndi akulu a mpingo, ena atagwira mafoloko a udzu, atatseka njira kutsidya.

"Bwererani naye," anatero mkulu wina wandevu zoyera. "Amphawi athu akutikwanira."

Msilikali anatulutsa chikalata n'kuyamba kuwerenga, mvula ikuchinyowetsa.

"Chimenecho mukawerengere a Carstairs," anatero mkuluyo. "Mwamuna wake munamugulitsa ndinu. Mukufuna adzachirire kwathu kuti mwanayo tilere ife? Sitinabadwe dzulo."

Anakangana nthawi yaitali, uyu lamulo lake, uyo lamulo lake. Hatchi inkanjenjemera. Sindikuwada anthu a ku Auldcraig; nkhope zawo zinali zofota ngati zathu. Ali mkati mokangana choncho, a Grizel anandigwira dzanja n'kuliika pa udzu pansi pa Seonag. Udzuwo unali utanyowa, ndipo sinali mvula.

"A Dand," anatero a Grizel, "nthawi yakwana."

A Dand anatsika, n'kugwira hatchi pakamwa, n'kuyamba kuitembenuza.

"Lamulo likuti awoloke," anatero msilikali.

"Lamulolo lidzimange lokha pangolo likoke. Hatchiyi ndi yanga."

Msilikaliyo anapinda chikalata chake. Ndinaona ngati mtima wake wakhala pansi. Anatsatira pambuyo, ndipo pamene gudumu linatitimira m'matope ndiye anali woyamba kuika phewa.

Pafupi ndi mlathowo, tsidya lathu lino, pali chigayo. Mkazi wa mwini chigayo anatsegula osafunsa zambiri. Tinamugoneka Seonag pa matumba opanda kanthu pafupi ndi moto. Mzamba kunalibe, tinali ine, a Grizel ndi mayi wa pachigayoyo. Mwana anabadwa chakumadzulo, wamkazi, wamng'ono kwambiri koma wolira mwamphamvu. Tinasangalala kanthawi kochepa. Kenako tinaona kuti magazi sakuleka.

Tinachita zonse zimene akazi amadziwa. A Dand anathamangira kukaitana dokotala, amene anafika, n'kuyang'ana, n'kupukusa mutu. Seonag anakhalabe ndi moyo mpaka tsiku lotsatira. Chakumasana anatsegula maso n'kufuna mwana. Anamuyang'anitsitsa, n'kumukhudza pamphumi ndi chala.

"Morag," anatero. Anayang'ana a Grizel n'kubwereza, kuti amve bwino. "Morag."

"Ndamva, mwanangu. Morag."

Analankhulanso zina zambiri m'chinenero chake, mwachangu, atawagwira a Grizel pamkono. Palibe mmodzi wa ife anamvapo kanthu. A Grizel ankangovomera ndi mutu, "Eya, eya, ndichita." Dzuwa lisanapendeke anali atatisiya. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti anapempha chiyani.

Mwanayo ndinamuika kubere langa tsiku lomwelo. Panalibe chokambirana.

Khonsolo inatumiza bokosi la amphawi, lija lotsekuka kunsi limene limabwerera kukasungidwa mtembo ukatsikira m'manda. A Grizel analibweza lisanalowe m'nyumba. A Dand anabweretsa matabwa, ndipo wokhoma migolo wina amene anaphunzira ntchito kwa amuna a mayiwo anakhoma bokosi lenileni. A Ninian anapita kukatenga nsalu yakuda ya bungwe lawo yofunditsa pabokosi, imene imatuluka pamaliro a osoka nsapato ndi mabanja awo okha. Anzawo ena anang'ung'udza. A Ninian anawauza kuti amene akudandaula abwere adzaichotse yekha pabokosipo, ndipo palibe anabwera.

Anthu anali ochepa kumanda. Nditacheuka ndinaona a Carstairs ataima patali pafupi ndi mpanda, chipewa chili m'manja, chipale chikuwagwera pamutu. Sanayandikire. Patapita masiku angapo pakhomo pa a Grizel panapezeka thumba la ufa, lopanda mwini. Msoko wake unali wa kunkhokwe ya a Carstairs, aliyense ankaudziwa.

"Mulibweza?" ndinafunsa.

"Ndibweze ufa? Kunyada sikuphika phala. Tenga theka, woyamwitsa ndiwe."

Pamsonkhano wotsatira nkhani ya mwana inabwera itatha ya nkhumba. Chigayo chili m'malire athu, choncho panalibe kothawira: Morag anali wa Dunskerrie. Wina anati afufuze m'mabuku akale, mwina malo a chigayo anali a Auldcraig kale. Wina anati mwanayo aperekedwe kwa aliyense amene angamulere motchipa. Apa a Ninian anaimirira. Anandiuza okha kuti mawu amene anakonza njira yonse anawathawa, n'kutsala ochepa.

"Mwanayo akuyamwa kunyumba kwanga, ndipo sitikupempha kanthu. Womulera alipo kale. Mlendo mumafuna achoke uja wachoka. Abwezereni mayiwo penshoni yawo."

Atakhala pansi, a Carstairs anati akugwirizana nazo. Palibe anatsutsa. Msilikali uja ndiye anabweretsa kachizindikiro kamtovu, ndipo a Grizel anakalandira osanena zikomo.

Dzinja limenelo linatenga anthu ambiri, makamaka okalamba ndi makanda. Mkazi wa Birrell anaika ana awiri. Morag, amene tonse tinkati safika Chaka Chatsopano, anakakamira moyo. Masana ankakhala kwa a Grizel, n'kumabwera naye kwa ine akalira, akundikalipira kuti ndikuchedwa ngati kuti mabere ndi a khonsolo. Zombo za nandolo zitafika chakumapeto kwa dzinja, njala inayamba kuchepa. Pofika nthawi yokolola mwanayo anali akukwawa limodzi ndi wanga, akulimbirana zidutswa za zikopa pansi pa benchi ya a Ninian.

Nkhondo inatha, ndipo amuna a m'zombo anayamba kumasulidwa. Tsiku lina masana a Dand anafika kuseri kwathu ndi munthu wamtali, wowonda, wovala jekete la amalinyero. Anali atazungulira doko lonse akufunsa, aliyense n'kumamulozera kwa mnzake, mpaka a Dand anamumvera chisoni. Chinenero chathu anali atachitola m'chombo, chodukaduka.

"Mkazi wanga," anatero pakhomo. "Seonag. Akuti inu mukudziwa."

A Grizel anali atanyamula Morag. Ndinaona manja awo akumufinya mwanayo.

"Lowa, mwanangu. Khala pansi."

Anamuuza zonse, pang'onopang'ono, akubwereza pamene sanamve. Sanabise kanthu, ngakhale za ngolo, ngakhale zoti mkazi wake anakwera akuganiza kuti akupita kwa iye. Lachlan anamvetsera manja ali pamaondo. A Grizel atamaliza anamupatsa mwanayo. Morag anamuyang'ana, n'kuyamba kulira, n'kutambasulira manja kwa a Grizel. Iye anamubweza msanga, ngati wachita cholakwa.

A Ninian anamuperekeza kumanda. Anakhalako mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake Lachlan anafunsa dzina la amene analamula za ngolo ija, ndipo a Grizel anamuuza.

Ndinachita mantha. Ndinawatuma a Ninian kuti amutsatire, ndipo zimene zinachitika ndinamva kwa iwo. Lachlan anakaima kutsogolo kwa nkhokwe ya a Carstairs, osalowa, osalankhula. Antchito anasiya ntchito. Wina anathamangira kukaitana msilikali, koma a Carstairs anamuletsa n'kutuluka okha.

"Ndine Carstairs," anatero. "Ndinalamula ndine."

Lachlan anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndimafuna ndione nkhope," anatero, n'kutembenuka.

A Carstairs anapitiriza kuyang'anira thumba la amphawi zaka zina zambiri, ndipo ankaliyendetsa mosamala ngati kale. Koma sindinamvenso kuti atulutsa munthu pangolo.

Lachlan anagona m'shopu mwathu milungu ingapo, akuthandiza a Dand pantchito. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pakhomo pa a Grizel mpaka mwanayo anamuzolowera n'kuyamba kumukoka ndevu. Kenako ananena chimene tonse tinkachiyembekezera. Kwawo kunali amayi ake ndi azichemwali ake, kunali ng'ombe ndi kamunda. Mwanayo akasiya kuyamwa apita naye, nyanja isanayambe kuvuta.

Panalibe womuletsa. Anali bambo wake, ndipo khonsolo inakondwa. Ine ndinayamba kumuletsa bere Morag, ndikulira naye limodzi. A Grizel anakhala masiku angapo osakalipira munthu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa matenda. Kenako m'mawa wina ndinawapeza akupukuta mphika wawo wachitsulo n'kuukulunga m'bulangete.

"Mukutani, mayi Pringle?"

"Ukuona ngati ndikutani? Ndikupita nawo."

"Ndi mwendo umenewo? Kumapiri?"

"Mwendowu ukupweteka kuno, ukapweteka kumeneko. Kusiyana kwake n'chiyani?"

"Penshoni salandirira kunja kwa tawuni. Mukangochoka akufufutani, ndipo mukabwerera simudzaipezanso."

"Malamulo awo ndimawadziwa kuposa iwo eni."

"Mukakhala mlendo, mayi. Chinenero simuchimva. Mukadwala akakusamalani ndani? Amuna anu agona muno, malo anu ali pambali pawo."

Apo anasiya kukulunga. Anakhala pabedi n'kuyang'ana pawindo.

"Amuna anga sasowa kanthu kumene aliko," anatero. "Marjory, mtsikana uja anandigwira pamkono n'kundipempha zinthu, ine n'kuvomera. Sindikudziwa chimene ndinavomera. Ndiye ndingochita zonse." Kenako anadzuka n'kubwerera ku mphika wawo. "Komanso wamuona m'mene amamunyamulira mwana? Ngati chingwe cha nangula. Asanafike n'komwe amugwetsera m'madzi."

 Lachlan atauzidwa anati kwawo n'kosauka kuposa kuno, nyumba yake ndi yamiyala ndi udzu, ng'ombe zimagona mbali ina ya chipinda. A Grizel anati anagonapo ndi zoipa kuposa ng'ombe. Iye anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kuwatchula liwu lina la kwawo limene pambuyo pake ndinamva kuti ndi loitanira mayi wokubala.

Ananyamuka pa chombo chonyamula mchere chopita kumpoto. A Dand anawanyamulira katundu mpaka kudoko, mphika, bulangete ndi mpando umodzi. Kachizindikiro kaja anandisiyira kuti ndikabweze. Morag ndinamunyamula ine mpaka pamasitepe otsikira m'bwato, ndipo pomupereka sanalire, ankayang'ana mbalame. A Grizel anatsitsidwa ndi amalinyero awiri, akuwalangiza mogwirira. Sanacheuke kuyang'ana tawuni imene anabadwiramo. Mwana wanga anakhala masiku ambiri akusuzumira pansi pa benchi ndi kuseri kwa chitseko, kufunafuna mnzake.

Pamsonkhano wa mwezi umenewo khonsolo inachotsa dzina la a Grizel Pringle ndi la mwanayo, ndipo penshoni inapita kwa mkazi wa Birrell, amene analowanso m'kachipinda kaja ndi ana ake otsala. Inali nkhani yaifupi. A Ninian akuti yaitali inali ya mtengo wa nyali za mumsewu.

Kalata sitinkayembekezera, popeza a Grizel sankadziwa kulemba. Chaka chilichonse okolola akatsika ndinkapita kukafunsa, koma mapiri ndi aakulu ndipo palibe ankawadziwa. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndinakumana ndi mayi wina wa chigwa cha kwa Lachlan, wodziwa chinenero chathu pang'ono. Nditatchula dzina anaseka, kenako nkhope inagwa. Anati gogo wa kunyanja uja anamwalira dzinja lapitalo. Anakhala bwino ndi amake a Lachlan, ngakhale ankakangana tsiku lililonse za kaphikidwe ka phala, aliyense m'chinenero chake. Anamwalira ali m'tulo, ndipo anthu a chigwa chonse anasinthana kunyamula bokosi lawo kukwera nalo kumanda a banja la Lachlan. Morag anali moyo, wamtali ngati bambo ake, ndipo anali atayamba kuweta mbuzi.

Ndinawauza a Ninian madzulo ake.  M'mawa anatenga chikopa chabwino chimene ankasungira nsapato za apampando, n'kusoka tinsapato ta mtsikana, akuyerekeza ndi phazi la mwana wathu n'kuonjezerako pang'ono. Okolola atamaliza ntchito ndinamupatsa mayi uja kuti akapereke. Sanabwerenso chaka chotsatira, ndipo sitinamve ngati nsapatozo zinamukwana Morag.